Momwe mungaonere mahomoni akuyatsa ndi kuzimitsa majini a mapuloteni osungidwa m'mbozi za njenjete

Mbozi ya njenjete ili ndi ntchito imodzi basi, kudya. Ikangolowa m'chikwa pakamwa pamatsekeka, ndipo mapiko, miyendo, khungu latsopano ngakhalenso mazira a njenjete yaikazi zimamangidwa ndi zimene mboziyo inakundika isanasiye kudya. Nkhokwe yake yaikulu ndi mapuloteni ena amene amapangidwa m'chiwalo cha mafuta, chija mabuku amachitcha fat body, kenako n'kuthiridwa m'magazi. Mbozi ikafika pamsinkhu womaliza (msinkhu ndi nthawi ya pakati pa kufundula kumodzi ndi kwina), mapuloteni amenewa amachuluka kuposa ena onse a m'magazi ataphatikizidwa pamodzi. Nthawi yolowa m'chikwa ikayandikira, chiwalo chomwecho chimawamezanso n'kuwasunga ngati timibulu m'kati mwa maselo ake.

Kupanga, kuleka kupanga, ndi kumezanso: zonsezi zimachitika pa nthawi yake, ndipo oimba belu ndi mahomoni awiri. Malangizo awa ndi a wophunzira kapena mphunzitsi amene ali ndi labu ya zipangizo zapakatikati ndipo akufuna kudzionera yekha zimenezi. Ndinene msanga chimene chimagwetsa anthu ambiri. Si mankhwala kapena makina, koma kusadziwa bwino pamene mbozi yafika pa ulendo wake. Homoni yomweyo, mlingo womwewo, ikaperekedwa lero imachita china, mawa lake china.

Dziwani kaye chimene mukusaka

Mapuloteni osungidwawa amatchedwa hexamerin chifukwa iliyonse ndi mtolo wa zidutswa 6. Chidutswa chimodzi chimalemera pakati pa 70 ndi 85 kDa (kilodalton, muyezo wa kulemera kwa mapuloteni), mtolo wonse pafupifupi 500 kDa. Ndi achibale a hemocyanin, puloteni yonyamula mpweya m'magazi a nkhanu, kungoti anataya malo ogwirira kopa ndipo sanyamulanso mpweya.

Sali a mtundu umodzi, ndipo apa m'pofunika kusamala, chifukwa mtundu uliwonse umamvera mahomoni mwa njira yakeyake. Pali arylphorin, yodzaza ndi ma amino asidi (tizidutswa tomangira mapuloteni) a tyrosine ndi phenylalanine, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a thupi lake. Tyrosine ndi amene amafunika polimbitsa khungu latsopano. Arylphorin imapezeka pa misinkhu ingapo ya mbozi, osati womaliza wokha. Palinso mapuloteni okhala ndi amino asidi wa methionine wambiri, amene m'mitundu ingapo amachuluka mwa mbozi zazikazi, zomwe zikugwirizana ndi ntchito yopanga mazira imene ikudikira kutsogolo. Ndiye pali ena amene anapatsidwa dzina potengera khalidwe lawo lozimitsidwa ndi homoni ya ubwana, monga aja a m'mbozi ya Trichoplusia ni ndi puloteni ya 82 kDa ya Galleria mellonella. M'mbozi ya silika, Bombyx mori, mudzamva anthu akungoti SP1 ndi SP2: SP1 ndi ya methionine, SP2 ndi arylphorin.

Mahomoni ake ndi awa. Juvenile hormone, imene mu labu timangoiti JH, imachokera m'tiziwalo tiwiri ta kuseri kwa ubongo totchedwa corpora allata. Ikakhala yambiri, mbozi ikafundula imatulukanso mbozi. Ecdysone imachokera m'ziwalo za pachifuwa zotchedwa prothoracic glands, ndipo m'thupi imasandulizidwa kukhala 20-hydroxyecdysone, mwachidule 20E, imene imayambitsa kufundula. Ziwalo za pachifuwazo sizidziyambira zokha, zimadikira uthenga wa homoni ya muubongo yotchedwa PTTH.

Chimene muyembekezere, mwachidule: JH imapondereza majini a mapuloteni a methionine ndi a gulu lachitatu lija, moti amayaka mwamphamvu JH ikatsika pa msinkhu womaliza. Majini a arylphorin amayenda kwambiri ndi kudya, amayaka mbozi ikamadya n'kuzilala pa nthawi yofundula pamene 20E yakwera. Pamapeto 20E imatseka kupanga konse ndipo imathandiza kuti chiwalo cha mafuta chiyambe kumeza. Ichi ndi chithunzi cha pamwamba chabe. Mtundu wanu wa mbozi ukhoza kupatuka pena, ndipo kupatukako n'kumene kumapangitsa ntchitoyi kukhala yoyenera kuigwira.

Sankhani mbozi imodzi, muidziwe

Manduca sexta ndi yaikulu, imafika magalamu 10 kapena kuposerapo, ndipo imapereka magazi ochuluka. Bombyx mori ndi yofatsa, siithawa, ndipo majini ake onse anawerengedwa kale. Galleria mellonella, ija imawononga zisa za njuchi, ndi yaing'ono koma yosavuta kuweta mumdima pa madigiri pafupifupi 30. Kwa woyamba kumene ndimakonda Manduca kapena Bombyx, chifukwa manja osazolowera amafuna mbozi yogwirika. Ngati mtundu umene mwasankha si wa m'dziko lanu, funsani kaye za chilolezo, ndipo musalole ngakhale imodzi kutuluka kunja.

Kutentha, chakudya ndi kuwala zikhale zosasintha kuyambira dzira mpaka chikwa. Manduca imawetedwa pa madigiri 25 kapena 26, ndi maola 17 a kuwala ndi 7 a mdima. Kuwalako si kwa chabe: ubongo umatulutsa PTTH pa nthawi inayake ya tsiku yokha, ndipo mbozi ikaphonya nthawi imeneyo imadikira tsiku lotsatira. Wina akamayatsa nyale usiku m'chipinda chowetera, mbozi zanu zidzabalalika misinkhu popanda inu kudziwa chifukwa.

Zikafika pa msinkhu wachinayi, ikani iliyonse m'kapu yake ndi nambala yake.

Kudziwa msinkhu: apa musathamange

Tsiku 0 ndi tsiku limene mbozi yafundula kulowa msinkhu womaliza, umene kwa Manduca ndi Bombyx uli wachisanu. Kuti mulipeze bwino, yambani kuyang'ana isanafundule. Mbozi imasiya kudya, imangoti duu, ndipo chigoba cha mutu wakale chimayamba kusendera kutsogolo ngati chisoti chothina, kuseri kwake kukuoneka mutu watsopano wotuwa. Mukaona zimenezi lembani ola. Bwerani kawirikawiri, ndipo khungu lakale likangovulidwa lembaninso ola. Zimene zafundula mkati mwa maola ochepa ofanana ndizo gulu limodzi. Zina zonse ndi gulu lina, ngakhale zitafundula pa deti lomwelo.

Nditayamba kumene ntchitoyi ndinkalemba deti lokha. Zofundula m'bandakucha ndi zofundula usiku ndinkaziika pamodzi monga za tsiku 0. Zotsatira zinatuluka zosamveka: mbozi zina zinkaonetsa kuti homoni yagwira, zina ayi, ndipo ndinataya masabata ndikukayikira mankhwala amene analibe vuto lililonse. Mbozi zosiyana maola 15 pa msinkhu umenewu zingafanane ndi maso, koma m'kati mwake zili patalipatali.

Ola lofundulira lokha silikwanira. Yezani kulemera kwa mbozi iliyonse tsiku ndi tsiku pa ola lomwelo. Mu 1974 Frederik Nijhout ndi Carroll Williams anasonyeza kuti Manduca ikafika pafupifupi magalamu 5, corpora allata amaleka kutulutsa JH, ndipo yotsala m'magazi imaphwanyidwa. Pali enzaimu yake yochita zimenezi, JH esterase. JH ikatha, ubongo umamasuka kutulutsa PTTH pa nthawi yake yotsatira. Mbozi za m'khola lanu zikhoza kukhala ndi malire osiyana pang'ono ndi magalamu 5 amenewa, koma mfundo yake sisintha: sikelo imakuuzani za JH kuposa kalendala. Mbozi ya tsiku 2 yolemera magalamu 4 ndi inzake ya tsiku 2 yolemera magalamu 6 musaziike m'gulu limodzi.

Kenako pamabwera chizindikiro chachitatu. 20E imakwera pang'ono JH kulibe, ndipo mbozi imasiya kudya, imataya za m'mimba, mtsempha wa pamsana umayamba kuonekera bwino ukugunda pansi pa khungu, n'kuyamba kuyendayenda m'kapu kufuna pokumba. Ya silika imayera mbee, kuwala n'kumadutsa m'thupi, ndipo imapukusa mutu kufuna poyambira kuluka. Lembani tsiku ndi ola la kuyendayendaku. Patapita masiku ochepa 20E imakweranso, ulendo uno kwambiri, ndipo ndi imene imafikitsa mbozi pa kusanduka.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sabata imodzi yongoyang'ana ndi kulemba, musanatsegule botolo lililonse la mankhwala, idzakupulumutsirani miyezi.

Siyanitsaninso zazimuna ndi zazikazi. Pa Bombyx mutembenuze mbozi n'kuyang'ana ndi galasi lokuza kunsi kwa zigawo zomaliza za mimba: yaikazi ili ndi timadontho tinayi, tiwiri pa chigawo cha 8 ndi tiwiri pa cha 9, pamene yaimuna ili ndi kadontho kamodzi pakati. SP1 imapezeka mwa zonse pa misinkhu yoyambirira, koma pa womaliza imachuluka mwa zazikazi. Kusiyana kumeneku sikuchokera ku JH kapena 20E, kumachokera ku majini osankha umuna ndi ukazi m'selo iliyonse, makamaka jini la doublesex. Mukasakaniza zazimuna ndi zazikazi mudzanamizira homoni chinthu chimene siinachite.

Yambani ndi mbozi zosapatsidwa kanthu

Musanapereke homoni iliyonse, muyenera kudziwa zimene zimachitika mwachibadwa. Tengani mbozi zosachepera 3 kapena 4 za mtundu umodzi, kaya zazimuna kaya zazikazi, pa tsiku lililonse kuyambira kumapeto kwa msinkhu wachinayi mpaka tsiku loyamba m'chikwa.

Goneka mbozi pa ayezi kwa mphindi 10 kapena 15 mpaka ifooke. Pukutani pamimba ndi ethanol (mowa wa mu labu) wa 70 peresenti, dikirani uume. Ipindeni pang'ono pakati pa zala kuti timiyendo ta pamimba tituluke, dulani nsonga ya kamwendo kamodzi ndi kalumo kakuthwa, ndipo dontho lidzatuluka lokha. Lilandireni m'kachubu kozizira. Musafinye. Mukafinya mumang'amba matumbo, magazi n'kusakanikirana ndi za m'mimba zimene zili ndi ma enzaimu ogaya mapuloteni. Dontho likatuluka lothimbirira kapena lokhala ndi zinyenyeswa, tayani, tengani mbozi ina.

Magazi a mbozi akakumana ndi mpweya amada mofulumira. Mumawaona akusintha m'kachubu momwemo, kuchoka pa kubiriwira kapena chikasu, kupita pa bulauni, mpaka bii. Ndi ntchito ya enzaimu yotchedwa phenoloxidase, ndipo ikamadetsa choncho imamatiriza mapuloteni pamodzi, jelo yanu yolekanitsira mapuloteni n'kutuluka yopakapaka. Kuti izi zisachitike, ikani timibulu tochepa ta phenylthiourea m'kachubu musanadule kamwendo. Mankhwala amenewa ndi poizoni, valani magolovesi ndipo musapume fumbi lake. Zunguzani kachubuko pa makina ozunguzira, pozizira, kwa mphindi zochepa kuti maselo a magazi akhale pansi. Tapani madzi a pamwamba, muwagawe m'timachubu ting'onoting'ono, muumitse m'firiji ya madigiri 80 pansi pa ziro ngati ilipo, apo ayi ya 20.

Polekanitsa mapuloteni gwiritsani ntchito SDS-PAGE, njira imene magetsi amawayendetsa m'jelo ya acrylamide n'kuwandandalika m'mizere potengera kulemera kwawo, jelo ya 7.5 kapena 8 peresenti. Yothina kuposa apo imaunjika mizere yonse ya pakati pa 70 ndi 85 kDa kukhala chimzere chimodzi. Acrylamide isanaume imawononga mitsempha ya m'thupi, choncho isakukhudzeni pakhungu. Magazi a masiku omaliza ndi okhathamira ndi mapuloteni, asungunuleni kwambiri, apo ayi mzerewo udzafufuma n'kumeza oyandikana nawo. Kupaka ndi utoto wa Coomassie n'kokwanira, mapuloteniwa ndi ochuluka moti safuna utoto wapamwamba.

Thirani jelo ziwiri. Pa yoyamba, bowo lililonse lilandire mlingo wofanana wa puloteni, monga mwa chizolowezi. Pa yachiwiri, bowo lililonse lilandire mlingo wofanana wa magazi. Chifukwa chake n'chakuti puloteni imene mukuyeza ndi imene ikudzaza magaziwo. Mukafananiza puloteni yonse, mumabisa kukwera kwake komwe mukufuna kuona. Jelo yachiwiriyo ndi imene imaonetsa mzere ukunenepa tsiku ndi tsiku, kenako n'kuonda mbozi ikayamba kusanduka.

Msampha wina uli pomwepo: lipophorin, puloteni yonyamula mafuta m'magazi, ili ndi chidutswa cha pafupifupi 80 kDa chimene chimakhala moyandikana kwambiri ndi mizere yanu. Chidutswa chake chachikulu, cha pafupifupi 250 kDa, chimaoneka kumtunda kwa jelo. Ngati muli ndi antibody, puloteni yomata pa puloteni yanu yokha, tsimikizani ndi Western blot, njira yoonetsa mzere umene antibodyyo yamatapo. Ngati mulibe, thirani jelo yopanda SDS, pamene mtolo wa zidutswa 6 umayenda wathunthu n'kudzipatula.

Kubwezera JH pamene imayenera kutha

Funso loyamba ndi ili: JH ikakanizidwa kutsika, kodi majini aja adzayakabe? JH yeniyeni siichedwa kuphwanyidwa m'thupi, ndiponso imamatirira pa galasi ndi pulasitiki, choncho ambiri amagwiritsa ntchito mankhwala oitsanzira monga methoprene, fenoxycarb kapena pyriproxyfen. Methoprene ndi yodziwika bwino. Isungunuleni mu asetoni, ndipo ndi sirinji yaing'ono dontheza maikulolita 1 kapena 2 pamsana pa mbozi, kuseri kwa mutu. Asetoni amauluka m'kamphindi, mankhwala n'kulowa pakhungu. Musasankhe mlingo umodzi. Yesani itatu yosiyana kakhumikakhumi, mwachitsanzo maikulogalamu 0.1, 1 ndi 10 pa mbozi, kuti muone ngati kuponderezako kukukula motsatira mlingo.

Gulu loyerekezera lilandire asetoni yekha, mlingo womwewo, pa ola lomwelo, ndi dzanja lomwelo. Makapu a magulu awiriwa asayandikane, ndipo musagwire mbozi za gulu loyerekezera ndi chopanira chimene chakhudza zopakidwa. Kachidutswa kosaoneka ndi maso ka mankhwalawa n'kokwanira kusokoneza gulu lonse.

Nthawi yopereka isiyanitseni dala: gulu lina pa tsiku 0, lina mbozi zitatsala pang'ono kufika pa kulemera kwa malire kuja, lina zitadutsa. Apa ndi pamene mudzaone ubwino wa zolemba zanu. Kawirikawiri kupereka msanga kumatsekereza mapuloteni omvera JH, pamene kupereka mochedwa kumapeza ntchito itayamba kale ndipo mzere wa m'magazi susintha kwenikweni, poti puloteni imene yathiridwa kale m'magazi siichoka chifukwa jini lazima.

Dziwaninso kuti mbozi yopakidwa siyendanso pa nthawi ya anzake. Imadya masiku ochuluka, imakula kupitirira, ndipo ina, makamaka Galleria, imatha kufundulanso kukhala mbozi ya msinkhu wowonjezera. Alimi a silika anagwiritsapo ntchito khalidwe limeneli kuti apeze zikwa zikuluzikulu. Kwa inu tanthauzo lake ndi lakuti pa tsiku 5 yosapakidwa ikhoza kukhala ikuyendayenda, yopakidwa ikudyabe. Ziyerekezeni m'njira ziwiri, potengera maola kuchokera pofundula, ndiponso potengera zizindikiro za m'thupi.

Ulusi, ndi 20E

Njira iyi ndi yakale ndipo ndimailemekeza. Stefan Kopeć, wasayansi wa ku Poland, anamanga mbozi za Lymantria dispar ndi ulusi zaka zoposa 100 zapitazo n'kusonyeza kuti ubongo umatulutsa chinthu chofunika kuti mbozi isanduke. Mu 1940 Soichi Fukuda anaonetsa ntchito ya ziwalo za pachifuwa m'mbozi ya silika. Ecdysone yeniyeniyo inadzagwidwa m'manja mu 1954, pamene Adolf Butenandt ndi Peter Karlson anapeza mamiligalamu 25 okha kuchokera m'makilogalamu 500 a mbozi za silika zimene zinali kale m'chikwa. Lero mankhwalawo timagula m'kabotolo, koma ulusi uja ukugwirabe ntchito yake.

Goneka mbozi pa ayezi. Kulungani ulusi wopaka phula kapena wotsukira m'mano, mangani mfundo, kokani pang'onopang'ono mpaka pathine ndithu koma khungu lisang'ambike. Mukamanga kuseri kwa mutu, thupi ladulidwa ku ubongo ndi ku corpora allata. Mukamanga pakati pa chifuwa ndi mimba, mwachotsanso ziwalo zopanga ecdysone, ndipo mimba yatsala yokha yopanda gwero la mahomoni onse awiri. Dulani mbali ya kutsogolo kwa mfundo, tsekani bala ndi phula losungunuka. Mimba yotereyi imakhala ndi moyo masiku ambiri ikasungidwa pa malo a chinyezi pang'ono. Ipatseni tsiku lathunthu kuti mahomoni otsala m'magazi athe musanaipatse kanthu.

20E siilowa bwino pakhungu, imafunika kubaya. Isungunuleni mu ethanol, kenako muisungunulenso ndi madzi amchere oyenera tizilombo mpaka ethanol atatsala wochepa, osapitirira gawo limodzi mwa khumi. Bayani ndi singano yopyapyala patsinde pa kamwendo, singano italoza chammbali kuti isaboole matumbo. Gulu loyerekezera libayidwe madzi omwewo opanda homoni, chifukwa bala lenilenilo limadzutsa majini a chitetezo m'chiwalo cha mafuta ndipo limasintha zimene chikupanga.

Koma walira mvula walira matope. Mbozi yomangidwa siidya, ndipo njala payokha imatsitsa majini a arylphorin. Mukaona arylphorin yatsika m'mimba yomangidwa, simunganene kuti ndi chifukwa cha kusowa kwa homoni. Onjezani gulu la mbozi zosamangidwa koma zomanidwa chakudya kwa maola omwewo. Popanda gulu limeneli zotsatira za ulusi sizitanthauza kanthu, ndipo ndaonapo ntchito zokongola zikugwa pa mfundo imeneyi yokha.

Njira ina yozemba vutoli ndi kuchotsa chiwalo cha mafuta n'kuchisunga m'mbale, m'madzi a Grace's medium amene ali kale ndi chakudya cha maselo. Gawani chiwalo cha mbozi imodzi pawiri, theka lilandire homoni, theka lisalandire. Kwa 20E yambirani pafupi ndi maikulomola 1. Ubwino wake ndi wakuti mbozi iliyonse imadziyerekezera yokha, ndipo mukaona kusintha mumadziwa kuti homoni yalankhula ndi chiwalocho mwachindunji, osadzera kwina.

Kufika pa jini lenilenilo

Jelo imakuuzani za puloteni. Kuti mudziwe za jini muyenera kuyeza mRNA, uthenga umene umalembedwa kuchokera ku jini likayaka, m'chiwalo cha mafuta. Khomani mbozi ndi mapini m'mbale ya phula, thirani madzi amchere ozizira, ng'ambani m'litali, chotsani matumbo athunthu osaboola. Chiwalo cha mafuta chidzaoneka ngati timaliboni toyera kapena tachikasu, tina titamatirira kukhungu, tina titazungulira matumbo. Tolani ndi chopanira chosongoka, chotsani timachubu ta mpweya tonyezimira ngati siliva, tsukani kawiri kuti magazi achoke, ponyani msanga mu TRIzol (mankhwala otulutsira RNA) kapena mu nayitrojeni wamadzi. TRIzol ili ndi phenol amene amawotcha khungu, igwiritseni ntchito m'kabati yokoka mpweya.

Nthawi zonse tengani pa malo amodzimodzi. M'mbozi ya Helicoverpa zea kunapezeka kuti chiwalo cha kufupi ndi khungu ndi chimene chimapanga mapuloteniwa, pamene cha kufupi ndi matumbo ndi chimene chimawameza. Mukatola lero apa mawa apo, mudzayeza kusiyana kwa malo n'kumati ndi homoni.

Chotsani DNA yotsalira ndi enzaimu ya DNase, pangani cDNA (DNA yokoperedwa ku mRNA), yezani ndi qPCR, njira yoyezera kuchuluka kwa uthenga wa jini limodzi. Majini a hexamerin amafanana kwambiri, choncho ma primer anu, tizidutswa ta DNA tosankhira jini loti liyezedwe, alunjike pa mbali zimene majiniwo amasiyana, ndipo tumizani chotulukacho kuti chikawerengedwe, mutsimikize kuti mwagwira jini limene mumafuna. Jini loyerekezera likhale lokhazikika. Ambiri amatenga rp49. Actin musaikhulupirire msanga, chifukwa thupi likamakonzedwanso nayo imatha kusintha. Ndi bwino kukhala ndi majini oyerekezera awiri.

Onjezani majini awiri a umboni. Kr-h1 imayaka JH ikagwira pa cholandirira chake chotchedwa Met, ndipo E75 imayaka msanga 20E ikagwira pa cholandirira chake chopangidwa ndi EcR ndi USP. Ngati mwapaka methoprene koma Kr-h1 sinakwere, ndiye kuti mankhwala sanafike, ndipo kusasintha kwa jini lanu sikukuuzani kalikonse. Tengani zitsanzo pa maola angapo, monga 3, 6, 12 ndi 24. Jini losintha m'maola oyambirira likhoza kukhala lomvera homoni mwachindunji. Losintha patapita tsiku nthawi zambiri limakhala lalandira uthenga kudzera mwa majini ena.

Kuwerenga zimene mwapeza

Ikani zinthu zitatu pa pepala limodzi, tsiku ndi tsiku: mRNA ya m'chiwalo cha mafuta, puloteni ya m'magazi, ndi puloteni ya m'kati mwa chiwalocho, imene mumaipeza pogaya kachidutswa ka chiwalo n'kuthira pa jelo. Sizikwera kapena kutsika limodzi. mRNA imatsogola ndipo imagwa mbozi ikasiya kudya. Puloteni ya m'magazi imakhalabe pamwamba jini litazima kale. Ikayamba kutsika, ya m'kati mwa chiwalo imakwera. Choncho mzere ukaonda m'magazi mutabaya 20E, zikhoza kukhala kuti kupanga kwaima, kapena kuti kumeza kwayamba, kapena zonse ziwiri, ndipo ndi jelo ya chiwalo cha mafuta yokha imene ingakulekanitsireni. Muyembekezerenso kusiyana pakati pa mapuloteniwo: a methionine amamezedwa pafupifupi onse, pamene gawo lina la arylphorin limatsalabe m'magazi mbozi italowa kale m'chikwa.

Ngakhale mRNA yeniyeniyo ikatsika, pali njira ziwiri: jini laleka kulembedwa, kapena uthenga wolembedwawo ukuphwanyidwa msanga. Kafukufuku wa pa Trichoplusia ni anasonyeza kuti JH imakhudza zonse ziwiri. Kuti musiyanitse, thirani actinomycin D m'mbale ya chiwalo cha mafuta kuti kulemba kuime, kenako muyeze liwiro limene mRNA ikuthera pamene pali homoni ndi pamene palibe. Ena amafuna kuthamangira ku RNAi, njira yophwanya mRNA ya jini losankhidwa, kuti azimitse Met kapena EcR, koma m'mbozi za njenjete njira imeneyi nthawi zambiri imagwira mofooka, ndiye musaikepo chiyembekezo chanu chonse.

Powerengera, mbozi iliyonse ndi chitsanzo chimodzi. Mabowo atatu a qPCR ochokera m'mbozi imodzi si zitsanzo zitatu. Bwerezani ntchito yonse ndi mbozi za mazira a nthawi ina, ndipo pa kachubu kalikonse kolowa m'firiji lembani ndi cholembera chosafufutika nambala ya mbozi, ngati ndi yaimuna kapena yaikazi, kulemera kwake, ndi maola amene anadutsa chifundulireni.